Mafoni Awiri ndi Thireyi ya Mazira

Mpaka lero kunyumba kwanga sikuludiraiva yaing'ono amasunga ndi mayi a kunyumba, amake Tadala, m'chikwama chawo cha kutchalitchi. Ndikaifuna ndimayenera kufotokoza kaye chimene ndikufuna kumasula, mwini wake ndani, komanso ngati mwini wakeyo akudziwa. Alendo akamva zimenezi amaseka poganiza kuti n'zocheza. Si zocheza ayi. Lamuloli linabwera chifukwa cha mafoni awiri a eni ake, ndipo panangotsala pang'ono kuti libwere limodzi ndi matikiti obwerera ku Malawi.

Ndiulule kaye matenda anga. Ine ndikaona chinthu chomanga ndi masikuluwu, mtima sukhala m'malo mpaka nditaona zam'kati. Ndili mu Sitandade 4 ndinamasula wailesi ya bambo anga kuti ndione pamene pamakhala anthu olankhulawo. Anthuwo sindinawapeze, koma bambo anandipeza ine. Ndinamasulanso wotchi ya amalume, tochi ya aphunzitsi, ndi makina osokera a mayi anga aang'ono. Sindine wowononga, ndimangofuna kudziwa basi (ngakhale kuti eni ake a zinthuzo kusiyana kwake sanakuonepo).

Nkhaniyi inachitika nditangofika kumene ku Nairobi. Ndinapeza ntchito yoyang'anira magalimoto ndi maulendo ku bungwe lina la mayiko ambiri, ofesi yake ili ku Westlands. Anandipatsa miyezi isanu ndi umodzi yondiyesa, ndipo ndinali m'mwezi wachisanu. Amake Tadala anali atasiya ntchito yawo ya uphunzitsi ku Zomba kuti anditsatire, tinkakhala m'nyumba yosanja ku Ruaka, nthawi imeneyo fumbi la simenti lili paliponse chifukwa aliyense ankamanga. Kalata yonditsimikizira ntchito ndi imene tinkaipempherera m'mawa uliwonse. Popanda kalatayo, tikanabwerera kumudzi tonse awiri tili malova.

Inali nthawi ya mafoni a mabatani ambirimbiri aja, chilembo chilichonse ndi batani lakelake, pakati pali kampira koyendetsera zolemba. Amene munabadwira m'mafoni ongosisita galasi simungamvetse ulemu umene foni yotero inkapereka. Ku Westlands munthu aliyense wooneka bwino ankayenda chowerama, zala zamanthu zili kalikiliki ngati akusenda mtedza, akuyankha maimelo pamsewu, m'chikepe, ngakhale pamaliro. Opanga mafoni nawonso anali pa nkhondo. Mwezi uliwonse kunkatuluka ina yofanana ndi yoyamba ija koma yotchipirapo, kenako ina yotchipa kuposa imeneyo.

Ofesi yathu inaganiza zogulira mafoni otere anthu onse oyenda maulendo. Popeza mutu umodzi susenza denga, anakhazikitsa komiti ya anthu asanu, wapampando wake anali bwana wanga, mayi wina wa ku Kenya komweko dzina lake Madam Wairimu, munthu wosakonda kubwereza mawu. Ine anandiikamo osati chifukwa cha nzeru. Tsiku lina anangoyang'ana manja anga ndikusainira kalata, nati, "Zala zanu zamanthuzo. Ngati inu mungalembe imelo pa timabatani timeneti, ndiye kuti aliyense muno angalembe. Mulowe m'komiti."

Ogulitsa anabwera ambiri koma pamapeto anatsala awiri. Woyamba anali Mzee Mutua, bambo wachikulire wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo foni yake inali yodula koopsa. Wachiwiri anali bambo wina wa tayi wofiira, pakamwa pothwa, ndipo ndi mtengo wa foni imodzi ya Mzee ukanagula zake zinayi. Chodabwitsa n'chakuti mafoni awiriwo ukawaika pamodzi anali ngati mapasa. Kukula kwake chimodzimodzi, mabatani chimodzimodzi, kampira pomwepomwepo, kusiyana maina okha.

Madam Wairimu anali ndi njira yawo yoyesera katundu. Ankanyamula chinthu pachikhatho, n'kuchikweza ndi kuchitsitsa ngati akugula papaya. Anatero ndi mafoni onse awiri Lachisanu masana, nati, "Zonse n'zolemera bwino. Chinthu cholemera chimalimba." Kenako anandipatsa onse awiri kuti ndikalemberepo maimelo kumapeto kwa sabata, ndidzanene Lolemba m'mawa pa msonkhano, ogulitsawo alipo. Ndinasainira pepala lolonjeza kuti ndidzawabweza mmene ndawatengera.

Loweruka m'mawa ndinagwira ntchito yanga mokhulupirika. Ndinalemba imelo yomweyo pa mafoni onse awiri. Pa yodula ija batani lililonse linali lopendekeka pang'ono, loti chala chimalipeza chokha, ndipo ukadina linkayankha kuti thi. Pa yotchipa kudina kwake kunali ngati ukudina nthochi yakupsa, sudziwa ngati chilembo chalowa kapena ayi. Pofika 9 koloko ndinali nditamaliza, ndipo ndikanakhala munthu wabwinobwino ndikanatseka nkhani pomwepo n'kupita kukameta.

Koma funso linandikhala pakhosi. Ngati kunja n'chimodzimodzi, ndalama zinazo zapita kuti? Kapena tinene kuti, wotchipayu anachotsa chiyani kuti mtengo ugwe chonchi? Ndinachotsa mabatire kuti ndingoyang'ana, basi kungoyang'ana. Ndiye ndinaona timasikuluwu tinayi tikundiyang'ananso. Pa kamodzi panali kasitika koyera kolembedwa chenjezo lakuti ukang'amba, wogulitsa alibenso nawe mlandu. Ndinakawerenga kawiri. Ndinadziuza kuti kasitikako akunena anthu osasamala, ndipo ndinatenga lezala.

Musaganize kuti ndinachita mwachisawawa. Ndinayala nyuzipepala patebulo, ndinabwereka kachitsulo kozulira nsidze ka amake Tadala (sindinapemphe, anali kuchapa), ndiponso ndinatenga thireyi ya mazira yopanda kanthu kukhitchini. Zikuluzikulu zokhala ndi maina ndinaziika pa nyuzipepala. Tizing'onoting'ono tonse, timasikuluwu, timipira, ndi timphasa ta labala tokhala ndi mabatani, ndinatiika m'thireyi: ta foni yodula kumanzere, ta yotchipa kumanja. Ndinadzinyadira kwambiri chifukwa cha nzeru imeneyi.

Abale, zimene ndinaona m'kati zinandisangalatsa kuposa kanema. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yodula ija mafupa ake anali achitsulo chenicheni, mawaya ake ogonekedwa bwino, paliponse polowera fumbi pali kalabala kotseka. Yotchipa inali pulasitiki wopaka utoto wasiliva, sipika yake kakang'ono ngati batani la malaya, ndipo malo ambiri munali mphepo yokhayokha. Nanga kulemera kuja kumachokera kuti? Nditatembenuza chivundikiro chake ndinapeza yankho. Anamatapo kachidutswa ka chitsulo, kosalumikizidwa ku waya aliyense, kopanda ntchito ina iliyonse koma kulemeretsa foni basi. Munthu wina kutali uko anakhala pansi n'kuganizira chikhatho cha Madam Wairimu asanawaonepo n'komwe. Ndinakamatula, ndinakayang'ana uku ndi uku, ndinaseka ndekha mpaka misozi.

Timphasa ta mabatani ndinali ndisanatiyang'ane bwino. Ndinatisungira kumapeto, monga mwana amasungira nyama pambale. Ndipo ndi nthawi imeneyo pamene pakhomo panamveka mawu akuti, "Odi kuno!"

Anali a Kamwendo, mkulu wa gulu lathu la mapemphero la Amalawi, amene anakhala ku Nairobi zaka zambiri koma chizolowezi chodziwitsa anthu kuti akubwera sanachitolepo.

"Mwaswera bwanji, achimwene? Ndimadutsa cha kuno, ndiye ndati ndione ngati mukupuma."

"Taswera bwino, kaya inu, bambo? Lowani, khalani pasofapa."

Tinafunsana za ku Ntcheu, za ku Zomba, za mvula, za mtengo wa feteleza, za odwala onse a mbali zonse. Anamwa tiyi, anawonjezera, anapemphera. Maso anga ankangothawira kutebulo. Atatsanzika ndinachita zimene Mmalawi aliyense woleredwa bwino amachita, ndinawaperekeza. Anzathu a ku Nairobi mlendo amamusiyira pachitseko, akakukonda kwambiri amakufikitsa pageti. Ife ayi. Ndinawatsitsa masitepe onse, tinatuluka pageti, tinayenda mpaka pa siteji ya matatu, maminibasi a kumeneko. Matatu yoyamba inabwera, kondakitala akukuwa, a Kamwendo anati, "Iyi ipite, yadzaza." Yachiwiri anati nyimbo zake n'zachikunja. Yachitatu inadutsa ali pakati pa nkhani ya mmene anafikira ku Kenya. Atakwera yachinayi dzuwa linali litapendeka kale.

Pobwerera ndinapeza tebulo lili mbee, lopukutidwa bwino, nyuzipepala ndi thireyi zili pomwe ndinazisiya.

"Mwagwira zinthu zangazi?" ndinafunsa amake Tadala.

"Ndangoika pamwamba pa firiji kuti ndipukute tebulo, n'kubwezera pomwepo. Palibe chagwa. Koma inu, mafoni amenewa si a ku ofesi?"

"Ndi kafukufuku," ndinatero.

Chimene sindinachiganizire, ndipo ndinadzachidziwa mochedwa kwambiri, n'chakuti thireyi ya mazira ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Pobwezera anaitembenuza osadziwa. Kumanzere kunasanduka kumanja.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuyang'ana timphasa tija. Ka kumanja, kamene ndinkati n'ka foni yotchipa, kanali kokongola zedi: pansi pa batani lililonse panali kambale kachitsulo kovundikira, kolimba, ndipo zilembo zake zinali zolowa m'kati mwa batani. Ka kumanzere, ka "yodula", timbale take tinali topyapyala ngati pepala la siwiti, zilembo zongopaka pamwamba. Ndinadabwa kwambiri. Nanga m'mawa muja bwanji yodula inkadinika bwino? Ndinadziyankha ndekha kuti mtengo unali utandilodza zala. Munthu ukauzidwa kuti chinthu n'chodula, ngakhale chala chimagwada.

Kubwezera sikunavute, chifukwa wotchipa uja anakopera mnzake mpaka mabowo a masikuluwu, chilichonse chinkalowa paliponse. Kachitsulo kolemeretsa kaja kokha kanakana kumatika, guluu wake anali atauma, ndiye ndinakaponya m'thumba la jekete kuti ndikagule guluu. Ndinayatsa yotchipa, inayaka, mabatani ake akulira thi thi thi mokoma. Ndinayatsa yodula. Zii. Ndinachotsa batire, ndinabwezera, ndinaipemerera, ndinaigwedeza. Galasi lili bii.

Amake Tadala anaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno. Sanakuwe, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa.

"Bambo a Tadala, ine ndinasiya kalasi yanga ku Zomba, ana makumi asanu ndi limodzi akulira, kudzakutsatirani kuno. Kwatsala mwezi umodzi kuti akulembeni. Inu mukusewera ndi masikuluwu?"

Ndinachita mantha enieni.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera matatu kupita ku Kangemi. Mlonda wa pageti pathu anandiuza kuti pafupi ndi mlatho pali mayi wina wokonza mafoni, Mama Akinyi, amene amadzutsa ngakhale yogwera m'chimbudzi. Ndinamupeza m'kakhumbi kamalata, galasi lokuzira zinthu lili pamphumi, kutsogolo kwake mulu wa mafoni akufa. Ndinatenga yodula yokha, popeza inayo inali bwinobwino. Tinkamvana m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili changa cha pamsika.

"Nani alifungua hii? Anatsegula ndani?" anafunsa atangoona kasitika.

"Ndinangosuzumiramo pang'ono, Mama."

"Nonse mumangosuzumira," anatero. Anakankha kalamba kena kopyapyala ka mawaya kamene sindinakalowetse bwino, ndipo foni inayaka mphindi ziwiri zisanathe. Ndinatsala pang'ono kumugwadira. Koma podina mabatani kuti ayese, nkhope yake inasintha. Anatsegulanso, anatulutsa kamphasa kaja, anakayang'ana pagalasi lake.

"Baba, wamekucheza. Akupusitsani. Thupili ndi lenileni, koma mabataniwa ndi a foni zotchipa zija. Kampira nakonso."

Poona kuti ndili ndi chidwi, anandiphunzitsa zambiri. Anati opanga zotchipa samachepetsa pamene maso amaona, chifukwa maso ndiwo amagula. Amachepetsa pamene chala chidzadziwe patapita miyezi itatu: timbale ta pansi pa mabatani, utoto wa zilembo, timawilo tozungulira kampira. Anandionetsanso kuti kampira kotchipa kakadya fumbi ndi mafuta a m'manja kamakana kupita mbali imodzi, ndipo mankhwala ake n'kutsegula, kutsuka timawiloto ndi sipiriti, n'kubwezera. Ndinamvetsera ngati ndili m'kalasi. Za guluu ndinaiwaliratu.

Safunsa anadya phula. Ndikanangonena kuti kunyumba kuli foni ina imene ndinaitsegula patebulo lomwelo, mayiyo akanandiuza zoona pomwepo. Koma ine m'matatu yobwerera ndinali nditasanduka wapolisi wofufuza. Zonse zinagwirizana m'mutu mwanga: Mzee Mutua, ndi imvi zake zonse zija, amachotsa mabatani enieni n'kuikamo achabe, n'kumatigulitsa pa mtengo wa mafoni anayi. Ndinaona kale Madam Wairimu akundigwira chanza, kalata yanga ikusainidwa mwezi usanathe.

Lolemba m'chipinda cha msonkhano mafoni anazungulira tebulo. Aliyense wodina yotchipa ankagwedeza mutu kuvomereza, wodina yodula ankakwinya nkhope. Madam Wairimu anaika yotchipa pachikhatho, anaikweza, anaitsitsa.

"Iyi Lachisanu inali yolemera kuposa apa," anatero.

"Ndiye kuti dzanja lanu laizolowera, Madam," anayankha wa tayi wofiira uja, akumwetulira mano onse. "Foni yabwino imatero."

Kenako inafika nthawi yanga. Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, ndinakhosomola. Ndinafotokoza za timbale ta pansi pa mabatani, za zilembo zopaka ndi zolowa m'kati, za maso amene amagula ndi chala chimene chimadziwa mochedwa (mawu a Mama Akinyi onsewo, koma ndinawanena ngati ndawalota ndekha). Anthu anatchera khutu. Ndiye ndinatembenukira kwa mkulu uja.

"Ndafufuza mokwanira, ndipo katswiri watsimikiza. Foni ya a Mutua thupi lake ndi lenileni, koma mabatani ake ndi achabe. Wina anawasintha. Sindikutchula munthu, koma katundu ndi wawo."

Mzee Mutua sanakwiye. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa sikuludiraiva yaing'ono, yofanana ndendende ndi yanga.

"Madam, mundilole," anatero.

Anachotsa batire, anayang'ana kasitika, anandiyang'ana ine pamwamba pa magalasi. "Muno munalowa munthu," anatero motsitsa. Anamasula, anatulutsa kamphasa, anakatembenuza. "Aka si kanga. Tingatsegule inayo?"

Wa tayi wofiira analumpha. Anati n'zosaloledwa, anati kampani yake siilola, anati nthawi yatha. Madam Wairimu anangonena mawu amodzi, "Tsegulani," ndipo monga ndanena kale, sabwereza. Mzee anamasula yotchipa ija, anatulutsa kamphasa kokongola kaja, anationetsa chizindikiro cha fakitale chodindidwa kumbuyo kwake, chofanana ndi cha pa foni yake.

"Mwana wanga ndi uyu," anatero. "Akutani m'nyumba ya eni?"

Pamenepo m'pamene thireyi ya mazira inatembenuka m'mutu mwanga. Ndinaona firiji, ndinaona tebulo lopukutidwa, ndinaona a Kamwendo akukana matatu yachitatu. Thukuta linatuluka ngati ndathiridwa madzi.

"Mafoniwa anali ndi ndani kuyambira Lachisanu?" anafunsa Madam Wairimu, ngakhale ankadziwa bwino.

Ndinapisa m'thumba la jekete kuti nditulutse kansalu kopukutira thukuta. Kansaluko kanatuluka ndi mnzake. Kachitsulo kaja kanagwa pa matailosi kuti ngwee, kanadumpha kawiri, n'kukaima pafupi ndi nsapato ya wa tayi wofiira. Iye anakayang'ana ngati waona njoka.

"Nanga chimenecho n'chiyani?" anatero Madam.

Ndinaulula zonse. Lezala, kozulira nsidze, thireyi ya mazira, mlendo, ndi chifukwa chake Mmalawi sangasiye mlendo pachitseko (mbali imeneyi sanaimvetse, wina anafunsa kuti kodi mkuluyo anali wodwala). Mzee Mutua anatola kachitsuloko, anakagoneka pa chipsera cha guluu m'chivundikiro cha yotchipa, kanakwana ndendende. Anakapereka kwa Madam Wairimu. Iwo anakaika pachikhatho, ndipo mwa chizolowezi anakakweza n'kukatsitsa kamodzi, kenako anazindikira chimene akuchita n'kukaika patebulo msangamsanga. Palibe anaseka, ngakhale mapewa a anthu awiri ankagwedezeka.

Chimene chinandipweteka kwambiri si kugwidwa ayi. N'chakuti ndinatcha munthu wamkulu ngati bambo anga wakuba, pamaso pa anthu, pa mlandu umene ndinapalamula ndi manja angawa. Ndinazungulira tebulo, ndinawerama, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja monga timachitira kwathu.

"Mzee, ndakulakwirani kwambiri. Mundikhululukire."

Anandiyang'ana kanthawi. "Zaka zonsezi ndikugulitsa mafoni, palibe wogula anafunapo kudziwa zam'kati," anatero. "Maso muli nawo abwino, kijana, mnyamata wanga. Manja ndi apakatikati. Koma pakamwa panu pamathamanga kuposa zonse ziwiri."

Masana Madam Wairimu anandiitanira mu ofesi yawo. Anati ndinaphwanya pepala limene ndinasainira, ndinanyozetsa bungwe, ndipo anthu ena achotsedwapo ntchito pa zochepera pamenepa. Anatinso, akuyang'ana pawindo, popanda kachitsulo kaja bwenzi atagula mphepo yokutira m'pulasitiki. Choncho sanandichotse, koma sanandilembenso. Anawonjezera miyezi itatu yondiyesa, nandichotsa m'komiti. Ofesi inagula mafoni a Mzee Mutua, aliyense analandira yake yatsopano m'kabokosi. Wa tayi wofiira anakana kutenga yake chifukwa inali yotsegulidwa, ndiye inatsala mu ofesi. Madam anaikankhira kwa ine, itabwezeredwa mabatani ake ndi kampira kake.

"Iyi ndi yanu. Mukuidziwa bwino m'kati."

Madzulo ake amake Tadala anamvetsera nkhani yonse. Atamva za thireyi anangoti, "Ndiye mukufuna kunena kuti ndine?" Ndinati ayi, m'pang'ono pomwe. Anatambasula dzanja, ndinaikapo sikuludiraiva, inalowa m'chikwama cha kutchalitchi. Ndinalonjeza kuti sindidzatsegulanso kanthu kalikonse, ngakhale chitini cha nsomba.

Miyezi itatu imeneyo ndinayenda chonyang'ama. Ndipo zonse zimene ananena Mama Akinyi zinachitika mwa ndondomeko yake. Zilembo zinayamba kufufutika, choyamba A, kenako E, mpaka ndinkalemba mongokumbukira. Chitsulo chija kulibe, foni inkapepuka moti ndinkaisaka m'thumba ili momwemo. Kenako kampira kanayamba nthabwala zake, lero kakana kumanzere, mawa kavomera.

Kalata inabwera Lachisanu madzulo, nditangofika kunyumba, ofesi atatseka kale mpaka Lolemba. Maimelo a kuntchito ankatseguka pa kompyuta ya mu ofesi kapena pa foniyo basi. Ndinaitana amake Tadala, tinakhala pasofa mitu pamodzi, ndinatsegula. Pa kagalasi kaja panakwana mizere inayi yokha. Inkanena kuti ataunika ntchito yanga pa miyezi yonseyi, komanso poganizira zimene zinachitika pa nkhani ya mafoni, bungwe laganiza kuti...

Ndinagudubuza kampira kuti nditsike. Kanakana. Kumwamba kankapita, kumanzere kankapita, kumanja kankapita. Kumunsi ayi. Batani lina lotsitsira panalibe pa mafoni a mtundu umenewu. Ndinapemerera, ndinapukuta ndi malaya, ndinagogoda pabondo. Amake Tadala anailanda, anayesa ndi chala chawo chowonda, anayesa ndi chikhadabo, anaitchula maina amene sindingalembe pano. Mizere inayi yomweyo inkangotiyang'ana. Bungwe laganiza kuti.

"Tidikire Lolemba," ndinatero.

"Ine mpaka Lolemba ndikhala nditafa," anatero. "Mayi wa ku Kangemi uja anati mankhwala ake n'chiyani?"

"Kutsegula, n'kutsuka ndi sipiriti. Koma ndinalonjeza."

Anadzuka. Anabwera ndi chikwama cha kutchalitchi, botolo la sipiriti, kozulira nsidze, ndi thireyi ya mazira, imene anachotsamo mazira asanu ndi manja awo. Anaika zonse patebulo. Kenako anapita kuchitseko, anakhoma, kiyi anaika m'thumba la diresi.

"Wina akaodira, muno mulibe anthu. Ngakhale a Kamwendo. Tsegulani."

Sindinagwirepo ntchito mosamala ngati tsiku limenelo. Ndinatsuka timawilo tonse tinayi, kamodzikamodzi, mayi akundiunikira ndi tochi ngakhale kunali kusanade. Ndinabwezera, ndinayatsa, ndinatsegula imelo ija, ndinagudubuza kampira. Kanatsika. Bungwe linaganiza zondilemba ntchito mokhazikika.

Amake Tadala analira, kenako anaseka, kenako anandimenya paphewa. Ndisanamalize kuwerenga ndime yachiwiri, sikuludiraiva inali itabwerera kale m'chikwama.

Phunziro ndinalitola ndithu, ndipo ndimauza aliyense wofuna kumva: katundu wa eni usamutsegule, ndipo usanaloze munthu chala uyambe wafunsa ngati thireyi sinatembenuke. Koma popeza lero ndi tsiku loulula, ndimalize zonse. Madzulo amenewo, mayi ali pa foni kuuza abale ku Zomba kuti sitikubweranso, ndinapita kukabwezera mazira m'thireyi. M'kabowo kena ka pakona munali mutatsala kasikuluwu kamodzi. Ndinakaika m'thumba la jekete, ndipo mpaka lero sindinawauze.